Mahedifoni opanda waya pa ditekita: yesani ndi K10 musanapite kutchire

Tsiku loyamba kutuluka ndi ditekita, makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, popanda waya wolendewera m'khosi, ndinakumba maenje 7 m'munda wa malume, ndipo 5 mwa iwo ndinakumba pambali pa chitsulo chomwe makina ankalirira. Kulira kunkamveka bwinobwino m'makutu, koma ndikalowetsa khasu pomwe ndamva, dothi lokhalokha. Ndinakayikira makina, kenako ndinakayikira nthaka, mpaka ndinayamba kudzikayikira ndekha. Wolakwa anali kabokosi ka Bluetooth kotchipa komwe ndinagula pamsika, pamodzi ndi mahedifoni omwe ndimamverera nyimbo pafoni. Zinkagwira ntchito ndithu, koma mawu ankafika mochedwa.

Kuchedwa kumeneku ndiye nkhani yonse. Bluetooth wamba, uja wa masipika ndi tomverera ta m'makutu, amayamba wapanikiza mawu, kuwatumiza, kenako mahedifoni n'kuwamasula. Ntchito imeneyi imadya mamilisekondi pakati pa 150 ndi 250, nthawi zina kuposa. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndiye pa nyimbo palibe amene angadandaule. Pa ditekita ndi nkhani ina, chifukwa koyilo, mbale ija ya kumunsi kwa ndodo, siima. Tinene kuti mukuyendetsa koyilo mita imodzi pa sekondi, liwiro lomwe ambirife timayendera. Mawu akachedwa ndi mamilisekondi 200, mumawamva koyilo itapitirira kale chinthucho ndi masentimita 20. Pobwerera imapitiriranso ndi masentimita 20 mbali inayo. Chinthu chimodzi chimamveka ngati ziwiri zotalikirana masentimita 40, ndipo chenichenicho chili pakati, pomwe simukumba.

Chitani masamu omwewo ndi mamilisekondi 40, mupeza masentimita 4. Ndi 17, sipafika ndi masentimita 2 omwe. Apo dzanja ndi khutu zimagwirizana.

Yambani mwadziwa makina anu

Musanatulutse ndalama, tembenuzani ditekita yanu muone dzina lake lenileni ndi nambala yake. Nambala ndiyofunika kwambiri, chifukwa kampani imodzi yomweyo imasintha njira yotumizira mawu kuchokera pa makina ena kupita pa ena.

Tione za Minelab, kampani ya ku Australia yomwe makina ake ndi omwe ofufuza golide ambiri kuno, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amawadziwa. Equinox 600 ndi 800, zomwe zinatuluka mu 2018, zili ndi Bluetooth ya mtundu wotchedwa aptX Low Latency, yomwe imachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 40. Zimalumikizikanso ndi kabokosi ka kampaniyo kotchedwa WM 08, komwe kamatsitsa kuchedwako kufika pa 17. GPX 6000 ya golide nayo ili ndi aptX Low Latency, ndipo imabwera ndi mahedifoni a ML 100. Koma Equinox 700 ndi 900 komanso Manticore anazisinthira njira ina. Mahedifoni a ML 80 omwe anabwera ndi Equinox 800 salumikizika popanda waya ku 900, yomwe imafuna ML 85. Anthu agwapo mu dzenje limeneli, kugula mahedifoni a Minelab ali ndi chikhulupiriro chonse kuti poti dzina ndi limodzi ndiye zitheka.

Garrett ya ku Texas ili ndi njira yakeyake yotchedwa Z-Lynk, yomwe si Bluetooth, ndipo eni ake amati imachedwa ndi mamilisekondi 17. AT Max ndi Ace Apex zinabadwa nayo m'kati, zimangofuna mahedifoni a MS-3. XP ya ku France inapita patali kuposa onse: pa Deus, ngakhale koyilo ilibe waya, imalankhula yokha ndi mahedifoni a WS4 kapena WS5, ndipo pa Deus II ndi WS6. Nokta ya ku Turkey inaika njira yakeyake ya 2.4 GHz pa Simplex+, koma pa Legend inaika Bluetooth ya aptX Low Latency.

Ndiye pali gulu lalikulu la makina omwe alibe chilichonse cha izi, angokhala ndi bowo lolowetsamo pulagi basi. Gold Monster 1000 ili m'gulu limeneli, chimodzimodzi Garrett Ace 250, 300 ndi 400, Vanquish 340 ndi 440, GPX 4500 ndi 5000, ndi makina ambiri opanda dzina ochokera ku China. Ngati anu ali pamenepa, musataye mtima, mungofunika thiransimita, kabokosi kotenga mawu pa bowolo n'kuwaulutsa.

Onani bowo la pulagi

Mabowo alipo a mitundu iwiri: laling'ono la mamilimita 3.5, ngati la foni, ndi lalikulu la mamilimita 6.35, ngati la ampulifaya ya kutchalitchi. Gold Monster ili ndi laling'ono, ma Ace ali ndi lalikulu. Pa GPX 4500 ndi 5000 bowolo silili pa makina, lili pa batire lomwe mumabereka kumsana. Garrett AT Pro ili ndi cholumikizira chakechake chosalowa madzi, chomwe chimafuna kawaya kapadera kosinthira kuti pulagi wamba ilowe.

Adaputala yosintha kuchoka pa bowo lalikulu kupita pa laling'ono ndiyosavuta kupeza. Sankhani ya kawaya kofewa, osati ija yolimba yotuluka ngati chala, chifukwa mukaigunditsa pa mtengo imathyola bowo la makina m'kati, ndipo kukonzetsa bowo n'kodula kuposa adaputala khumi. Yang'ananinso mizere yakuda ya pa pulagi. Mzere umodzi ndi mono, iwiri ndi sitiriyo. Mawu akamamveka khutu limodzi lokha, kawirikawiri vuto limakhala pamenepa, osati pa mahedifoni.

Sankhani njira imodzi mwa ziwiri

Njira yoyamba ndi kugula za kampani za ditekita. Garrett imagulitsa Z-Lynk ngati tizipangizo tiwiri, WT-1 yotumiza ndi WR-1 yolandira, ndipo imagwira pa makina a kampani iliyonse okhala ndi bowo la mahedifoni. Yotumiza mumamangirira pa ndodo, yolandira mumaika m'thumba la malaya kapena pa lamba, n'kulowetsamo mahedifoni anu akale a waya. Waya ulipobe, koma wachoka pakati pa inu ndi makina, ndiye mutha kugoneka ditekita pansi, kugwada n'kukumba popanda kukokedwa khosi. Minelab nayo inatulutsa chofanana nacho chotchedwa Pro-Sonic. Ine njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa mahedifoni a waya akaduka mumagula ena tsiku lomwelo pa tauni iliyonse.

Njira yachiwiri ndi yotsikirapo mtengo: thiransimita ya Bluetooth ya m'shopu ya zamagetsi ndi mahedifoni a Bluetooth. Apa ndi pomwe pamafunika maso. Zonse ziwiri, thiransimita ndi mahedifoni, ziyenera kukhala za aptX Low Latency, mawu onse atatuwo, kapena mwachidule aptX LL. Chimodzi chikapanda kukhala nacho, sizikuuzani. Zimangogwirizana mwakachetechete kubwerera ku njira yochedwa, kawirikawiri ija yotchedwa SBC, nyali n'kumayaka bwinobwino ngati zonse zili m'malo. Ndi zomwe zinandichitikira m'munda wa malume.

Musasokonezeke ndi mayina ofanana. Katoni yolembedwa aptX yokha, kapena aptX HD, kapena aptX Adaptive, si chimodzimodzi ndi aptX Low Latency. Nambala ya Bluetooth, kaya 5.0 kaya 5.3, sikuuzani chilichonse za kuchedwa. AirPods za Apple zilibe aptX ya mtundu uliwonse, ndiye ngakhale zili zodula, pa ntchito iyi zimafanana ndi za pamsika. Wogulitsa akanena kuti «izi ndi zoyambirira, bwana, sizichedwa», mufunseni akuonetseni pomwe palembedwa pa katoni. Ngati n'kotheka, pitani ndi ditekita yanu kushopuko.

Tizipangizo tambiri ta Bluetooth timagwira ntchito ziwiri, kutumiza ndi kulandira, ndipo timakhala ndi kaswitchi kolembedwa TX ndi RX. Inu mukufuna TX, yotumiza.

Tchajani, kenako lumikizani

Tchajani zonse mpaka zidzaze musanayese koyamba. Zimitsani Bluetooth ya pafoni yanu ndi ya aliyense amene ali pafupi, chifukwa mahedifoni amakonda kuthamangira foni yomwe anaizolowera kale, inu n'kumadikira chabe.

Yambani ndi mahedifoni. Kanikizani batani loyatsira osalisiya, kupitirira pomwe ayaka, mpaka kanyali kayambe kuphethira mosinthasintha, nthawi zambiri kofiira ndi kabuluu. Kenako yatsani ditekita, kapena thiransimita, n'kuiikanso pofufuza. Pa Equinox batani lake lili m'mbali mwa bokosi la sikirini. Ziyandikizeni, zisatalikirane kuposa mita imodzi, ndipo musagwiregwire mabatani zikamafufuzana. Koyamba zimatha kutenga kanthawi ndithu, koma zikadziwana, masiku enawo zimapezana zokha mukangoziyatsa.

Pa Equinox 600 ndi 800 yang'anani pakona ya sikirini. Chizindikiro cha Bluetooth chikakhala ndi kamtanda ka + pambali, ndiye kuti mwalumikizika pa aptX Low Latency. Chikakhala chokha popanda kamtandako, mawu afika koma mochedwa. Mathiransimita ambiri abwino alinso ndi kanyali kolembedwa LL. Kakapanda kuyaka, musapitirire.

Mayeso a K10

Gawo ili musalidumphe, ngakhale mutagula zodula bwanji. Silitenga mphindi 10.

Pezani malo pabwalo pomwe ditekita siikulira, kutali ndi malata, mipope ndi mawaya a magetsi. Ikani ndalama yachitsulo ya K10 pansi poonekera. Yambani ndi sipika ya makina kapena mahedifoni a waya. Yendetsani koyilo pamwamba pa ndalamayo pa liwiro lomwe mumayendera kutchire, osati la pachionetsero, ndipo maso akhale pa koyilo. Muona kuti kulira kumabwera pakati pa koyilo pakamadutsa pa ndalama. Chitani kangapo mpaka dzanja lizolowere.

Tsopano valani opanda waya aja mubwereze. Bwino muitane mnzanu kapena mwana agwade kutsogolo kwanu ndi timitengo tiwiri. Inu tsinzinani, yendetsani koyilo kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo mukangomva kulira nenani kuti «apo». Iye abaye kamtengo pomwe panali pakati pa koyilo. Bwerezani kuchoka kumanja kupita kumanzere, abayenso kachiwiri. Tsegulani maso. Pakamwa panu pamachedwanso pang'ono, ndiye chitani mayeso omwewa ndi sipika kuti mukhale ndi choyerekezera. Timitengo ta mahedifoni tikatalikirana mofanana ndi ta sipika, kapena kuposerapo ndi zala ziwiri zitatu, zili bwino. Tikatalikirana kuposa chikhatho chotambasula, bwezani katunduyo kwa mwini wake.

Njira ina yachangu, kwa amene akugwiritsa ntchito thiransimita: pezani kawaya kogawa bowo limodzi kukhala awiri. Mbali imodzi lowetsani thiransimita, inayo tomverera ta waya. Khutu lina valani cha waya, linalo chopanda waya. Mukadutsa pa K10 n'kumva kulira kumodzi, kapena kokhuthala pang'ono, muli pabwino. Mukamva twi-twi, ngati munthu wakuwa m'chigwa mawu n'kubwerera, mwaligwira vuto.

Kenako kwirirani ndalamayo. Kumbani kadzenje ka masentimita 15 kapena 20, mpaka pomwe makina akuimva movutikira, n'kumvetsera ndi mahedifoni onse awiri mosinthana. Tizipangizo tina totchipa timadula mawu otsika poganiza kuti ndi phokoso, ndipo tina timagona tikakhala chete kwa kanthawi, n'kudzuka kulira koyamba kutadutsa kale. Pa makina a golide izi n'zoopsa kwambiri. Kumeneko mumamvetsera kang'ung'udza kosalekeza kaja kotchedwa threshold, ndipo kagolide kakang'ono sikalira, kamangogwedeza kang'ung'udzako pang'ono ngati udzudzu wasintha mawu. Chipangizo chomeza kang'ung'udzako chameza golide wanu. Pa chifukwa chomwecho, ngati mahedifoni anu ali ndi batani lochotsa phokoso la kunja kapena lokuza mabesi, lizimitseni.

Mangirirani pamalo oyenera

Thiransimita ili ndi chitsulo ndi batire m'kati, ndipo ditekita ntchito yake ndi kumva zitsulo. Imangirireni kumtunda kwa ndodo, pansi pa chogonekapo mkono kapena kuseri kwa bokosi la sikirini, kutali ndi koyilo. Gwiritsani ntchito lamba wa Velcro kapena mphira wa chubu cha njinga. Kawaya kotsala kakulungeni n'kukamanga, kasamalendewere, chifukwa waya wogwedezeka umabweretsa kulira konama komanso umakola m'zitsamba.

Cholandira chikhale mbali ya dzanja lomwe mwagwirira makina. Mafunde a 2.4 GHz sadutsa bwino m'madzi, ndipo thupi la munthu ndi madzi ambiri. Mukaika cholandira m'thumba lakumbuyo la mbali inayo, mawu amadukaduka mukamatembenuka.

Mukamaliza kumanga, yatsani zonse, kwezani koyilo m'mwamba n'kuchita noise cancel, kuti makina asankhe tchanelo chopanda phokoso thiransimita ili yoyaka kale. Mukayamba ndi noise cancel n'kuyatsa thiransimita pambuyo, mwagwira ntchito yopanda pake. Makina akamalongololabe, zimitsani thiransimita mumve ngati asiya. Akasiya, isunthireni kumtunda kwina. Akapanda kusiya, tulutsani foni m'thumba muiike pa airplane mode, chifukwa nthawi zambiri wolongolola amakhala iyeyo, makamaka kumalo komwe netiweki ndi yofooka ndipo foni ikulimbana kuti iipeze. Makina a golide a mtundu wa pulse induction, monga ma GPX, ndiwo amamva phokoso lotere msanga.

Voliyumu

Tsopano muli ndi mavoliyumu awiri kapena atatu: ya makina, ya mahedifoni, mwinanso ya cholandira. Ikani ya makina pakati, ya mahedifoni pansi, kenako dutsani pa chitsulo chachikulu monga khasu. Kwezani ya mahedifoni mpaka khasulo limveke mwamphamvu koma osapweteka. Mawu akamasweka, ngati sipika ya minibasi, ndiye kuti makina akukankha kwambiri thiransimita, tsitsani ya makina n'kukweza ya mahedifoni. Mukatero bwererani pa K10 yokwiriridwa ija mutsimikize kuti ikumvekabe. Chitini cha pamwamba chikakulirirani m'khutu pa voliyumu yonse, khutu limagontha kwa kanthawi, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe mumadutsa pa chinthu chakuya osachimva.

Mukakhala mwagula kale zochedwa

Zimachitika, ndipo si aliyense angathe kutaya ndalama kawiri. Chepetsani liwiro la dzanja ndi theka, mtunda wosokera uja nawo utsika ndi theka. Mukamva kulira, musakumbe pomwepo. Dutsani kuchokera mbali zonse ziwiri, tengani pakati, kenako tembenukani muime chopingasa n'kubwereza, kuti mizere iwiri ipange mtanda. Malizani ndi batani la pinpoint, lolozera pomwe chinthu chili ndendende, chifukwa pamenepo koyilo imayenda pang'onopang'ono kwambiri moti kuchedwa sikuonekanso. M'munda woyera njira imeneyi imakwanira. Pabwinja lodzaza misomali, mawaya ndi zitsekerero za mabotolo, pomwe kulira kutatu kumabwera pa kuyendetsa kumodzi, simudziwa kuti kulira kuti n'kwa chiti. Pamenepo bwezerani waya.

Madzi, thukuta ndi njoka

Ditekita yolembedwa kuti ndi yosalowa madzi imakhaladi yotero, koma mawu opanda waya amathera pamwamba pa madzi. Equinox 800 imatha kumira mamita 3, koma bokosi la sikirini likangomira, mahedifoni amati zii. Ngakhale XP Deus II, yomwe imafika mamita 20, imafuna kawaya ka eriyo kochokera pa koyilo ikalowa m'madzi, komanso mahedifoni a waya. Choncho ngati mukufufuza mphete zotayika m'madzi osaya a ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, opanda waya agwira bola bokosi lili kunja kwa madzi, ndipo kumbukirani kuti thiransimita yomangirira ija ndi WM 08 sizinapangidwire kumira. Nyengo ya mvula ikani thiransimita m'kajumbo n'kumanga kukamwa ndi mphira.

Mu Okutobala ndi Novembala mahedifoni ophimba makutu amasanduka ng'anjo, ndipo thukuta limadya zikopa zake msanga. Pukutani mukaweruka, musawatsekere m'chikwama ali onyowa. Cholandira cha m'thumba chimathandizanso apa, chifukwa kukatentha mumangolowetsamo tomverera tating'ono ta waya.

Kutchire ine ndimasiya khutu limodzi panja. Mphiri imagona panjira osathawa, imangofufuma n'kupuma mwaukali, ndipo chenjezo lake ndi lomwelo. Pali njuchi, moto wolusa, njinga yamoto yotulukira pakona, ndi mwini munda akukuitanani. Za mwini munda, pemphani chilolezo chake ndi cha amfumu musanayatse makina. Kufufuza ndi kukumba golide kumafuna chiphaso cha boma pansi pa malamulo a migodi, ndipo zinthu zakale zopezeka m'nthaka zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Abale athu omwe amachita izi ku England amadziwa za Treasure Act ya 1996, yomwe imapereka masiku 14 okanena ukapeza chinthu chomwe chingakhale chuma chakale.

Madzulo musananyamuke

Waya sunkafuna kutchaja. Tsopano muli ndi mabatire awiri kapena atatu, ndipo lililonse likatha mawu atha. Tchajani zonse madzulo magetsi akadalipo, osadikira m'mawa. Tengani pawabanki ndi mawaya ake oyenera, poti china chimafuna micro-USB, china USB-C, ndipo Equinox ili ndi waya wakewake wa maginito womwe simungaupeze pa golosale. Ngati mukukagona kutchire masiku angapo, kasola kakang'ono kotchajira pawabanki masana kamakwanira.

Chomaliza kulowa m'chikwama chikhale mahedifoni a waya ndi adaputala yake, zokulungidwa m'kansalu. Thiransimita ikafa, izuleni pa bowo, chifukwa ikakhala chilowetsere sipika ya makina imakhalabe yotseka, ndipo mutha kuyenda mizere iwiri yathunthu mukuganiza kuti nthaka ilibe kanthu.